Tsidya la Njanji

Kalaliki wa kaundula wafunsa komwe ndimakhala.
Ndati Tsidya la Njanji, konkuno ku Bangula.
Wayendetsa chala pa mapu ake, wabwereza,
wati dzina limenelo palibe.

Khala pansi mwanawe, ndikuyendetse ndi pakamwa.

Kumadzulo malire athu ndi njanji,
ija sitima inaiwala;
mbuzi zimagonapo masana
ndipo ife timayanikapo makakana.
Kummawa ndi dambo, koma dambo silikhala malo amodzi:
Okutobala lili uko kuseri kwa migwalangwa,
Febuluwale lili pakhomo panga, likununkhiza mphasa.
Kumpoto kunali mlambe.
Unagwa chaka chomwe ndinabereka Minyezi,
koma lero lomwe ukauza wakabaza kuti pamlambe
akutsitsa pomwepo, padzenje lomera minga.
Kummwera ndi mpanda wa jinala
momwe bambo anga analowa ndi chifuwa chabwino
natuluka akutsokomola thonje.

Woyamba kumanga kuno anali Zuze Thengothawani,
kapitawo wa pa njanji,
ndi malata atatu otola ndi mkazi wa ku Tengani.
Anamutsata a ku Chiromo, madzi atawalanda mabwalo.
Kenaka nkhondo itavuta kutsidya
anafika a ku Mutarara, zitseko pamutu,
chitseko chokha, nyumba ataisiya ikuyaka.
Mzere wawo timautchabe Zitseko.
Kuseri kwake ndi ku Matenti,
komwe tenti yomaliza inang'ambika kalekale;
pano ndi njerwa zootcha ndi sola padenga
koma dzina linakana kusamuka.

Zonsezi mapu ako alibe.
Ali ndi mzere wofiira umodzi basi.

Mzerewo ndimaudziwa.
Unabwera ndi anthu atatu ndi makina a miyendo itatu,
dzuwa likuswa mtengo, ndinawapatsa madzi a mumtsuko.
Anakumba pabwalo panga, pakati pa khitchini ndi khonde,
nakwirira mwala wa simenti wolembedwa manambala.
Kuchokera tsiku limenelo
ndimagona wadi ina, ndimaphika wadi ina.
Utsi wanga umadumpha malire opanda chiphaso.

Mjigo wathu unafa zaka zitatu zapitazo.
Khansala wa kuno akuti uli kwa mnzake.
Mnzakeyo akuti tiyese ndi chingwe,
chogwirira chili kwake, inde,
koma paipi inalowa pansi mopendekera.
Tikumwa a m'dambo, limodzi ndi ng'ombe.
Nthawi ya kampeni amabwera onse awiri,
ndipo palibe amafunsa komwe ndimaphika.
Nsalu zawo ndili nazo:
ina ndi katani, ina ndimasefera madziwo.

Mwalawo ndinkamangirapo mbuzi.
Unali wokhulupirika, sunkafuna chakudya.
Koma chaka chatha Shire atabwera usiku kudzatiwerenga
tinagona masiku asanu pa mtumbira wa njanji,
a Zitseko, a Matenti, adzukulu a Zuze,
phewa ndi phewa, wadi yathu inali chitsulo chozizira.
Titabwerera, pabwalo panali matope osalala
ngati munthu wazira.

Mwala unapezeka kumunsi,
m'dimba la Nyamadzawo, mapazi mazana awiri kuchoka pano.
Anautsuka, anauimika pansi pa msawu,
amanolerapo khasu,
chaka cha njala amaswerapo nyika.
Manambala akuwerengekabe.

Ndiye undiuze iwe wophunzira:
ngati malire ndi mwalawo, malire asamuka,
ndipo mjigo wapeza mwini wake.
Ngati malire ndi mzere wa papepala lako,
tiye ukandionetse pomwe wadutsa pamatopepo,
ndikupatsa ndodo ujambule.

Kalaliki waseka, wapukuta thukuta ndi kolala.
Walemba Bangula.
Wagwira chala changa, wachiviika, wachidinda.

Ndikubwerera tsopano, inki ikuuma pachala.
Pofika panjanji ndikweza phazi monga mwa masiku onse,
ndikusamala kuti ndisaponde nsomba za eni.