Mapu Opanda Mwini

Tikambenji anang'amba Chipata ngati chitenje
nagawira mafoni athu, ife a njinga.
Ine ndinalandira Kapata ndi msika wake,
Gezani anatenga Mchini,
Navutika inagwera Zondani, wa foni yosweka galasi.
Ofesi kulibe. Bwana wosunga mapu onse kulibe.

Mayi wina afunsa: chigayo chapafupi ndi Magazine chili pati?
Foni yanga siidziwa.
Koma idziwa mnansi wa mbali imeneyo,
mnansiyo adziwa wina,
funso lidumpha katatu ngati chule
n'kubwera ndi yankho ndisanamange thumba pakeriyala.

Loweruka ndiye panali vuto.
Aliyense afuna msika:
wa tomato, wa salaula, wothamangira basi ya ku Mwami.
Foni yanga inatentha ngati mbatata yootcha
pamene ya Zondani inkangowodzera.

Tikambenji anaseka.
"Amalume, matumba awiri a makala
mumamanga mbali imodzi?"
Tsopano Kapata akalemera amadzidula pakati,
theka n'kupita kwa amene ali manja lende.

Dzulo batire ya Gezani inafera paphiri la Kanjala.
Ndinati basi, Mchini wasowa padziko.
Ayi ndithu. Anansi anali atasunga kale zidutswa zake
monga timasungirana pampu ndi sipanala.

Usiku ndikukankha njinga pamtunda,
chigawo changa cha tauni chili m'thumba la malaya,
chopepuka, chofunda,
chikuyankhabe anthu
amene nkhope zawo sindidzaziona.