Makutu a m'Zala

Tinali atatu Loweruka lija,
ine, Sigele ndi mng'ono wake Tayamika,
titakhala pa makatoni a sopo
kuseri kwa msika wa Zomba,
pomwe Che Ndembo amasulira makiyi
pakati pa wosoka nsapato
ndi mayi wa mapichesi a ku Chawe.

Asanatigwiritse kanthu anatilumbiritsa:
"Loko amene si wako ndi mlendo wa eni.
Umpatse moni, udutse."
Kenako analoza ndi chibwano
kumene kuli mpanda wa ndende.
"Uko aliko amene anaphunzira msanga kuposa inu."

Aliyense sipoko ya njinga,
tupa imodzi yobwerekana,
ndi loko wadzimbiri
amene kiyi wake anatayika kalekale
pamodzi ndi chitseko chomwe.

Ndinkayesa ndi nkhani ya mphamvu.
Ndinakankha, ndinapotokola,
thukuta kamukamu
ngati ndikukwera phiri ndi njinga yakuphwa.
Sipoko inathyoka,
kachidutswa n'kutsalira m'kamwa mwa loko.
Tayamika anaseka mpaka kutsamwa ndi nzimbe.

"Ukumenyana naye,"
anatero Che Ndembo osadzutsa mutu.
"Mfunse bwino.
M'katimo muli timapini tisanu,
ana a nyumba imodzi,
koma kamodzi n'kamakani kuposa tinzake.
Yamba ndi komweko. Tsinzina."

Ndinatsinzina. Msika unandidzadza m'makutu:
woitanira minibasi ya ku Liwonde,
wina akunenerera usipa,
ku mzikiti akuitanira swala ya masana.
Zonse ndinazimva.
Zala zokha zinali zogontha.

Sigele anasiya sabata yachiwiri,
ati bola bawo, mumaona chimene chakugonjetsa.
Tayamika, mwana wa Folomu 2,
anatsegula wake akuyang'ana kumbali,
akucheza za mpira.
Sindinamuyankhule mpaka pa mlatho wa Likangala.

Wanga ndinkayenda naye m'thumba.
Anandiboolera mathalauza awiri.
Chala chachikulu chinatuluka thuza,
thuza linaphulika, panamera chikanga,
loko ali gwa.

Unali usiku wa Lachitatu ku Chinamwali,
magetsi atazima, mvula ikusinja malata.
Sindinkayesanso kwenikweni,
ndinkangosisita monga munthu asisitira galu
maganizo ali pa ngongole.
Ndipo china chake chinasuntha,
kakang'ono kuposa njere ya mpunga pa dzino.
Chala chinamva mutu usanamve.
Kachiwiri. Kachitatu.
Ndinaleka kupuma.
Khethe!

Ndinakhala mu mdima ndi loko wayasamula m'manja,
wopanda chitseko, wopanda chuma kuseri kwake,
wosatsegulira kulikonse,
koma ndinaseka ndekha ngati ndapatsidwa nyumba.
Ndinamutsekanso kuti ndione ngati sanali maloto.
Anakana mpaka m'mawa.

Eni nyumba athu, Mayi Nachuma,
ankandiyang'ana cham'mbali pa mpopi.
"Ena amaphunzira utelala," ankatero kwa ndowa yawo.
Tsiku lina kiyi wawo anagwera m'chimbudzi,
nyemba zili pa mbaula m'kati,
utsi wayamba kutuluka pansi pa chitseko.
Anabwera okha, chitenje m'manja.
"Achimwene, paja mumadziwa timawaya tija?"

Ndinagwada pa khonde lawo,
ana a pa loti yonse atandizinga,
manja akunjenjemera ngati ndikulemba mayeso.
Zinanditengera mphindi khumi ndi zinayi.
Nyemba zinapserera ndithu.

Anathokoza kawiri, anandipatsa mapeyala atatu.
M'mawa mwake ndinamva hamala.
Pa chitseko chawo panali maloko awiri atsopano,
akuluakulu, onyezimira,
ndi wachitatu pa khola la nkhuku.

Ndimadutsa pomwepo popita kuntchito.
Zala zimandiyabwa, sindinama,
zimafuna kudziwa kamakani ndi kati mwa tisanu tija.
Ndimaziika m'thumba loboka,
n'kunena chapansipansi:
mwadzuka bwanji nonse atatu.