Kalata Yofunsa Ngati Ndakhutira

Kalata yafika Lachiwiri, yonyowa m'mphepete,
yochokera kwa wogulitsa njinga za pa chipale ku Revelstoke.
Akuti: Mwakhutira nayo bwanji njinga yanu?
Chongani nambala, kuyambira wani mpaka faifi.
Cholembera chili m'manja, khofi wazizira kale.

Ine ndinagula yopepuka.
Mlamu wanga Wendell anagula ya tebo,
ija imakoka mpweya kawiri pomwe zinzake zikoka kamodzi,
yoti pamwamba pa phiri, pamene mpweya uchepa
ndipo injini wamba iyamba befu ngati nkhalamba pa masitepe,
iyo imangoimba mluzu, fyii, n'kumapita.
Anaitengera ngongole ya zaka zisanu.
Mchemwali wanga Odile sanamuyankhule mpaka Khirisimasi.

Loweruka lapitali tinakwera tonse.
Chipale chinagwa usiku wonse, cholekeza m'chiuno,
chofewa ngati ufa wosefa kawiri.
M'nkhalango, pakati pa mitengo yothinana,
yanga inkandimvera ngati mwendo wanga womwe:
ndikati ndipendekere kumanzere, iyo yapendekera kale.
Ya Wendell inkafuna mkangano pa khona iliyonse.
Kenako ndinamva phuu,
kenako zii.
Inali italowetsa mphuno m'dzenje la patsinde pa mtengo,
matako m'mwamba, lamba akupalasa mphepo.

Tinakumba. Mafosholo awiri, ola limodzi ndi theka.
Makilogalamu owonjezerawo si kanthu m'sitolo,
pomwe pansi pali simenti ndipo wogulitsa akumwetulira.
Kawanyamuleni pa phiri, mapazi akumira, mumve.
Thukuta linauma m'ndevu zathu n'kusanduka timiyala.
Wendell anatukwana m'Chingerezi,
chitamuthera anapitiriza m'Chiyukireni cha bambo ake.
Ine ndinaseka chamumtima.
Ndivomere, ndinaseka.

Masana tinafika patsinde pa chikweza chija
timachiyang'ana chaka ndi chaka.
Tinakumba kaye kuona ngati chipale chagwirana,
tinayesa tizipangizo ta pachifuwa
toti anzako akupezere ukakwiririka.
Ndinayamba ndine. Ndili pakati, injini inayamba kupepesa,
mawu akutsika, akutsikabe,
ndinakhota manyazi asanandipeze, n'kutsetsereka kubwerera.
Wendell anadutsa pomwe panathera mzere wanga
osacheuka n'komwe,
anasanduka kadontho kakuda, mtambo n'kumumeza.

Ndinazimitsa injini.
Ndinadya buledi wouma ndi chisanu ndili ndekha,
khwangwala akundiwerengera nyenyeswa.

Atatsika, maso ake anali onyowa m'kati mwa magalasi.
Akuti waona mapiri mpaka ku Alberta.
Ndikudziwa, akuwonjeza mchere,
koma munthu amene sanafike amatsutsa ndi chiyani?

Madzulo poimika magalimoto,
tikumangirira njinga pa ngolo,
ndinamupeza akutukula yanga ndi dzanja limodzi,
phewa lake lodwala lija likumvetsera kulemera kwake.
Iye anandipeza nditagwada, ndikusuzumira tebo yake
ngati wosuzumira pa windo la eni.
Palibe anafunsa mnzake.
Tinangokoka zingwe mwamphamvu kuposa masiku onse.

Ndiye wani mpaka faifi.
M'mitengo, faifi.
Pa chikweza chija, thuu, ndipo thuu yake ya chisoni.
Msana wanga Lamlungu m'mawa ukuti faifi,
buku la ku banki likugwirizana nawo.
Koma zimene sindinaone kuseri kwa mtambo
sanaziikire kabokosi.

Ndachonga folo.

Wendell waimba foni pompano, nayenso kalata yamupeza.
Wachonga faifi, akuti, osaganiza kawiri.
Takamba za nyengo, za mtengo wa mafuta,
za galu wake amene wayamba kutsimphina.
Pomaliza, ngati wangokumbukira,
wafunsa ngati Loweruka likubwerali
ndingamubwereke yanga mpaka masana okha,
kuti phewa lipumeko.

Ndakhala chete pang'ono, asamve kuti ndimadikira.
Ndamuuza abwere ndi makiyi ake,
thanki ikhale yodzaza.