Zigamba za pa Kamwendo

Usayambe ndi sizasi, Gelesomu.
Yamba ndi madzi.
Nsalu yatsopano ndi yabodza:
ukaisoka isanachapidwe
idzakhwinyata pa kuchapa koyamba
n'kukoka zinzake zonse m'makona.
Iviike, uiyanike, uisite,
kenako tikambirane.

Ulusi usatalike kuposa mkono wako.
Wautali umadzimanga mfundo wokha
ngati nkhani ya pachigayo.
Udule mopendeka, uunyowetse ndi malovu,
singano uilozetse kumene kuli kuwala.
Ine masiku ano ndimaphonya kasanu,
n'chifukwa chake ndakuitana.

Zaka makumi awiri ndi zitatu ndili pakhonde lino,
malole a ku Chipata akundithira fumbi,
ndipo sindinatayepo kansalu kokwana chikhatho.
Masula thumba la feteleza lija.
Chabuluuchi ndi yunifolomu ya mwana wa a Zuze,
lero akubaya anthu jakisoni ku Kapiri.
Choyerachi chinatsala pa diresi la ukwati
umene sunathe chaka.
Chamaangamaangachi mwini wake sanabwerenso,
anakwera thirakitala ya ku fodya
ndi ngongole yanga m'thumba.
Chimenecho tichiike pakati penipeni,
ndizichiona ndikamagona.

Dulira pa katoni imodzi kuti zigamba zifanane.
M'mbali siya mpata wa chala chaching'ono,
msoko nawo umadya.
Chakuda chigone pafupi ndi chowala;
zofiira ziwiri zikayandikana zimakangana.
Jinzi usaikwatitse ndi nsalu yopyapyala,
idzaing'amba mwezi usanathe.
Ukasoka mzere, sita.
Ukasoka wina, sitanso.
Makala a m'simbi ndi otchipa kuposa manyazi.

Ukamaliza pamwamba, yala pamphasa.
Pansi chitenje chathunthu,
pakati bulangete lotopa lija,
pamwamba zigamba zako.
Phanira ndi mapini, uyambire pamchombo kupita kunja,
makwinya uziwapirikitsira m'mphepete
monga umapirikitsira nkhuku pa mtedza woyanika.
Ukayambira m'mbali adzakuunjikanira pakati
ndipo sudzawatulutsanso.

Makinawa ndi akulu kwa iwe, uziwalemekeza.
Dontho limodzi la mafuta Loweruka lililonse,
osati ophikira, ndinayesapo ndili mnyamata.
Akayamba kudumpha usawatukwane,
sintha singano, yabuntha.
Phazi lipalase modekha.
Manja asakoke nsalu, angoiperekeza.

Ukafika kwathu uyang'ane pakhomo.
Azakhali ako a Lezina
sanatayeko mbale yadothi n'imodzi yomwe.
Amaikulunga m'chiguduli asanaimenye ndi hamala
kuti zidutswa zisadumphire m'maso,
amanola m'mbali mwake pamwala
chifukwa cha mapazi a adzukulu.
Amayamba ayala pamchenga, n'kuima chapatali,
kuchotsa ichi, kubwezera icho,
mpaka duwa la mpendadzuwa lioneke.
Kenako amazika m'simenti yonyowa,
n'kupsinja ndi thabwa kuti pasalale,
kupukuta ndi kansanza simenti isanaume,
kuwaza madzi masiku atatu.
Kapu yanga ya tiyi ilinso momwemo,
ndikukayika ngati inagwadi yokha.
Iwo amati lusoli ndinawabera ndine,
ine ndimati anandibera ndi iwo.
Mlanduwu sunagamulidwe mpaka lero.

Taona, mzere uwu wakhota.
Usaubise pansi pa chigamba china,
mwini bulangete adzaumva ndi phazi usiku.
Masula ndi nsonga ya singano, osati lezala,
lezala sadziwa ulusi ndi nsalu.
Ine ndinamasula zambiri kuposa zimene ndinasoka,
palibe amene anandilipirapo.

Juni akubwera, mphepo ya ku phiri la Mchinji
simvera zoti telala wakalamba.
Zatsala zigamba makumi anayi.
Sendeza benchi kuno,
dzuwa lazembera kuseri kwa golosale.
Tandilowetsera ulusiwu.