Timchenga ta m'Filimu

Magetsi abwera leveni koloko usiku,
Chilomoni yense ali m'tulo, kupatula agalu ndi ine.
Ndatsegula chitini cha mabisiketi
momwe bambo, a Likoswe ojambula a pa Ndirande,
anasungiramo nkhope za anthu kwa zaka makumi atatu:
akwati, ana obatizidwa, timu ya mpira yopanda nsapato,
onse akuda poyera, oyera pakuda,
mano ngati makala, makanda ali ndi imvi.

Sikana ndi yobwereka.
Mwini wake, Sigele wa ku Ginnery Corner,
akuifuna Lolemba m'mawa, yosakandika pena paliponse.

Ndapukuta galasi ndi kansalu ka mandala anga,
ndauzira fumbi, ndagoneka filimu.
Koma filimu yokalamba sigona mowongoka,
imapinda msana ngati wosenza nkhuni potsika Michiru,
pakati patukuka, m'mbali mwagwa,
pomwe diso la makina limapenya pamlingo umodzi basi.

Chithunzi chatuluka mbuu,
ngati chiperoni walowera pazenera.
Sigele anandilangiza: usayang'ane nkhope, nkhope imanyenga,
mtima umamalizitsa zimene diso silinaone.
Kulitsa, kulitsabe, mpaka munthu asowe,
kutsale timchenga ta filimu tokhatokha.
Timchengato tikathwa, makina alibe mlandu.

Ndiye ndadula khadi yakale ya mayunitsi,
ndikulowetsa tizidutswa pansi pa chogwirira.
Kamodzi: mbuu.
Tiwiri: kwayamba kucha.
Titatu: ndapyola, kwadanso.
Ndabwerera pa tiwiri, ndawonjeza lisiti la madzi.
Makina akung'ung'udza, kuwala kukukwawa
ngati minibasi ya pa Chichiri nthawi yoweruka.

Apo!
Kamchenga kalikonse kaima pakokha.
Njerwa za nyumba ya lendi ija ndikuziwerenga,
msomali womwe bambo ankakolekapo jekete,
ntchentche pamlomo wa beseni,
maluwa a chitenje, ulusi wothothoka pamkono wa bulauzi,
zonse zathwa ngati lezala watsopano.

Nkhope ya mayi yokha ayi.

Ndayesa kasanu.
Ndatembenuza filimu, kowala pansi, kowala pamwamba,
ndaipsinja ndi galasi lomwe ndachotsa pa satifiketi yanga.
Timchenga ta patsaya pawo n'takuthwa
chimodzimodzi ta panjerwa.
Chimbuuzi ichi si cha makina,
si cha chuku, si cha dzanja langa.
Chinalowa tsiku lomwelo:
bambo akudina, mayi anatembenuka.

Anatisiya ndili ndi zaka zinayi,
ndipo wojambula wa tauni yonse
anawajambula kamodzi kokhaka.
Ankati filimu ndi ya makasitomala, za pakhomo mawa.

Ndalondola komwe nkhopeyo ikuthawira,
kumunsi, kumanzere, pakona.
Pamenepo, kodulidwa theka ndi malire a filimu,
pali kaphazi ka mwana,
kali m'mwamba, kakulunjika kumbaula.
Ndavula silipasi, ndayang'ana phazi langa pansi pa tebulo.
Chipsera ndilibe.

Pakompyuta pali batani lonolera zithunzi.
Limalonjeza maso, mphuno, mzere wa milomo,
lingandiumbire mayi wooneka bwino,
mayi wa munthu wina.
Chala changa chazungulira pamenepo nthawi yaitali ndithu,
tiyi wazizira, tambala wa kwa aneba walakwitsanso nthawi.

Ndasiya momwemo.
Njerwa zithwe, ntchentche ithwe,
iwo akhale akutembenukabe.
Pofunsidwa dzina ndalemba: Nangondo, pakhonde.

Kwatsala mizere makumi asanu ndi umodzi Lolemba lisanafike.
Wotsatira ndi ukwati wa anthu osawadziwa,
onse chilili, manja m'mbali, osaphethira,
monga bambo ankawauzira.
Ndauzira fumbi.
Tizidutswa tiwiri ndi lisiti la madzi.