Kiyi Anapita Naye Fanizo

Mvula ya ku Zomba siodira, imangolowa.
Usiku umenewo inatsika phiri ndi nkhungu yake,
magetsi a ku Matawale akuphethira ngati diso la wodwala,
ine laputopu pamiyendo,
ndikuika pulogalamu yolembera ngongole za paokala.
Kamzere kobiriwira kanakwawa, kanakwawa,
kenaka kanaima. Funso:
ya inu nokha,
kapena ya onse ogwiritsa ntchito makinawa?

Ndani kwathu kuno angayankhe kuti ndekha?
Ndi mchere womwe timapatsirana pampanda.
Ndinadina pa onse.

Makina aja amvekere: lembani mawu achinsinsi a mwini wake.

Mwini wake ndi Fanizo.
Anaigula yakale, kuseri kwa depoti,
batani limodzi litagweruka ngati dzino,
natigawira zipinda m'katimo:
changa, cha Mwandida, cha Ulemu,
aliyense khomo lake ndi dzina lake,
koma kiyi wa nyumba yonse anasunga yekha.
"Mungandigumulire maziko inu," ankatero uku akuseka.
Lachinayi tinamutengera ku chipatala chachikulu.
Loweruka tinakamuika ku Thondwe.
Palibe anakumbukira kumufunsa.
Ungafunse bwanji munthu akupumira m'makina?

Ndinayesa dzina la amayi.
Ndinayesa chaka chomwe anabadwa,
nambala ya njinga yake yamoto,
dzina la mtsikana wa ku Chinamwali uja
amene ankaganiza kuti sitikumudziwa.
Kanayi konse kabokosi kanapukusa mutu.

Ndinabwerera m'mbuyo. Ndinadina pa ndekha.
Inalowa osafunsanso kanthu,
nikakhala m'chikwatu changa, phee,
ngati mbaula ya mlendi yobisa kunsi kwa bedi.

Kutacha Mwandida anatsekula khomo lake,
sanaipeze.
"Mwayamba liti kumana, achemwali?"
Anaika yake. Ulemu nayenso yake.
Chinthu chimodzi, katatu,
mabandulo atatu, m'nyumba imodzi yodontha.
Yanga yakalamba tsopano, ya Mwandida ndi ya dzana,
akatsekula fayilo yanga
ngongole ya a Mpinganjira imapezeka pa mzere wa sopo.
Malo osungira afiira.
Makina akupuma mwawefuwefu ngati wokwera ku Chawe wapansi.

Koma zimene Fanizo anaikira onse zilipobe.
Yolembera makalata, yolankhula ndi pulinta, yoimba nyimbo,
mpopi wapabwalo,
wotunga sakumbuka amene anakumba ngalande.
Ulemu analemberapo kalata yofunsira ntchito.
Ine ndinalemberapo ndondomeko ya maliro ake,
osadziwa kuti ndikumwa madzi ake omwe.

Ndiye pali chipinda chachinayi.
Tikayatsa, kankhope kake kamabwera pamzere ndi ife,
atavala chipewa, kumbuyo kwake damu la Mulunguzi.
Anaikamo chiyani cha iye yekha?
Munthu wopatsa chotere
anali ndi kanthu kanji kosafuna kugawa?

Asedi wokonza mafoni pafupi ndi msika anati,
"Bweretsani, tikolope zonse, tiyambe mwatsopano.
Faifi sauzande. Kiyi akhala wanu,
muziikira aliyense kamodzi n'kamodzi."
Ndinafunsa: nanga chipinda chakecho?
"Chipita, mayi. Kukolopa sikusankha."

Ndinaima pamenepo nthawi yaitali,
mnyamata wina akundikakamiza sitiroberi za kuphiri,
minibasi ya ku Liwonde ikuitanira munthu mmodzi wotsala
amene sakwanira chiyambire.
Ndinabweza laputopu m'chikwama.
Ndinagula sitiroberizo, zowawasa,
n'kuyenda wapansi mpaka kunyumba.

Mpaka lero funso lija likabwera
chala changa chimayamba chapita pa onse,
chimaima pamenepo pang'ono,
ngati munthu wofika pakhomo la m'bale wake
n'kupeza loko,
kenaka chimatsikira pamzere winawo.