Tsamba Lachitatu

Envulopu inafika Lachisanu,
nkhungu itameza zombo padoko la Valparaíso.
Ndinaitsegulira pamasitepe, ndikupuma befu,
poti mzinda uno n'chitunda chokhachokha.

Mapepala a kafukufuku: khumi ndi anayi. Chonga.
Kusunga nthawi: chonga.
Kudziwa phunziro: apa cholembera cha mkulu wa dipatimenti
chinadinikiza mpaka kuboola pepala.

Koma tsamba lachitatu linalibe manambala.
Munali mawu a ophunzira,
ndipo wina analemba ndi pensulo, mopendeketsa:
"Amadziwa zonse, kupatula mayina athu."

Ndinaseka.
Kenako kuseka kunandiumira pakamwa.

Zaka makumi awiri ndakhala ndikucheza ndi bolodi.
Bolodi silifunsa, silisiyidwa ndi basi,
silibwera m'kalasi litachezera kudwazika mayi.
Ndinakumbuka mkono wa mtsikana wa pakona,
mmene unakwerera pang'onopang'ono
ngati chikepe chakale cha pa Cerro Barón,
ine n'kuti, "Zili m'buku, kawerenge."
Unatsika. Sunakwerenso.

Ndinakumbuka Don Eleodoro wa mu labu,
wotsuka mabotolo anga m'madzi ozizira a mu Julayi,
amene moni wanga sanaulawepo.
Ndinakumbuka Ximena Oyarzún pamsonkhano,
ndikumutsomphola mawu pakamwa,
mawa lake ganizo lomwelo n'kuliveka jekete langa.
Ndinkati denga ndasenza ndekha,
kani ena anali atagwira nsanamira, ali duu.

Mikanjo itatu ndinavala,
zipewa zitatu ndinaponya m'mwamba,
koma palibe anandiyesa mayeso a kudikira,
kamphindi kaja ka zii funso likaponyedwa,
pamene mwana wamanyazi akusakasaka pakamwa pake.
Pafomu palibenso bokosi la kupepesa.

Lolemba ndinasiya choko patebulo,
n'kuyenda mpaka pakona. Ndi patali, pakona.
"Dzina lanu ndani?"

"Nayareth Huenchullán."

Lilime langa, losunga mayina a asidi mazana,
linapunthwa.
Anandikonza. Ndinapunthwanso.
Kalasi yonse inafa nacho chikhakhali,
koyamba kuseka ine ndili momwemo.
Kachitatu anapendeka mutu, nati, "Mwatsala pang'ono."

Ndinamufunsa za funso lija.
Anati analiiwala. Mwina sanafune.

Potuluka ndinapeza Don Eleodoro akutseka mpopi.
Ndinati, "Mwaswera bwanji?"
Anacheuka kuti aone amene ndikulankhula naye.

Mayina atsala makumi anayi ndi limodzi,
ndawalemba m'thumba la malaya, pafupi ndi tikiti ya basi.